Musanagule galimoto, yambani mwagona pansi pake

Kuno mvula yagwa usiku wonse, kumunda sikukupondeka, ndiye ndati ndikhale pakhonde ndikulembereni nkhani ija mwakhala mukundifunsa. Ambiri mwakaona kagalimoto koyera kosuluka kamene kamaima pashedi kwanga. Ena mwaseka pamaso panga, eti, "Ada, ndalama zonse zija n'kukagula chiphapha chimenechi?" Sekani, palibe mlandu. Koma dzulo mphwanga wa ku Area 25 wandiimbira kuti wapeza Pajero yotchipa, yowala ngati kalilole, akufuna kulipira Lachisanu. Ndamuuza kuti ayambe wawerenga izi.

Ndiyambe ndi chimene chinandipangitsa ine mlimi wa chinangwa kulota galimoto. Inu a m'tauni mukamati ku Chintheche mumaganiza za mchenga woyera ndi msewu wa tala wa M5. Ife ena tili kumtunda, kumapiri, komwe msewu wake ndi dothi lofiira loti likanyowa limaterera ngati therere. Mu February 2022 mwana wanga wamkazi nthawi yake yochira inakwana usiku, mvula ili pakati. Tinaitana Sienta. Dalaivala anayesetsa ndithu, koma anathera m'munsi mwa chitunda, mateyala akungozungulira pamodzimodzi. Tinamanga machira ndi bulangete, amuna anayi, tochi ya foni kukamwa, mpaka pamene panaima galimotoyo. Mulungu ndi wabwino, tinafika pachipatala cha Chintheche nthawi ilipo, anachira bwino, mdzukulu wangayo pano akuthamangitsa nkhuku. Koma usiku umenewo ndinalumbira mumtima kuti pakhomo pano padzaima galimoto yokoka mateyala onse anayi, ija mumati 4x4.

Chifukwa china ndi cha malonda. Mpunga ndi ufa wa kondowole tikagulitsira pakhomo, mtengo amatchula ndi venda chifukwa ndi iye wabwera ndi galimoto. Iwe ukakana, katundu wako atuluka bwanji?

Kusonkha ndalama kunatitengera zaka ziwiri ndi theka. Ndinadula bulugamu amene ndinadzala ndili mnyamata. Ndinagulitsa mpunga wa zaka ziwiri ndi mbuzi pafupifupi khola lonse. Mayi a kunyumba anaponyamo gawo lawo lonse la ku banki mkhonde. Mnyamata wanga wa ku Cape Town, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ndi m'maluwa, ankatumiza kangachepe mwezi ndi mwezi. Kenako mu November 2023 boma linagwetsa kwacha ndi 44 peresenti. M'buku la kubanki manambala anali omwewo, koma galimoto zimene ndinkaziloza zinathawira kutsogolo. Pofika July 2024 tinali ndi K12 miliyoni. Kwa ena ndi ndalama yogulira mipando. Kwa ife ndi thukuta la banja lonse, loti ukaliponya m'madzi sulionanso.

Tsopano mverani uchitsiru wanga. Ndinaona chithunzi pa Facebook, double cab yasiliva, mtengo K11.5 miliyoni. Ndinakwera minibasi ndekha osauza munthu, kudutsa m'mitengo ya labala ya Vizara, kukwera mpaka ku Mzuzu. Dobadoba anandichingamira bwino, kundigulira Fanta, kunditchula kuti bwana. Galimoto ija, abale, inali yokongola. Mipando yosang'ambika, wailesi ikuimba, injini kungokhudza kamodzi yalira. Ndinawerama pang'ono kusuzumira pansi, ndinaona pali bii, pakuda mowala, ndinati eya, mwini wake ankaisamala. Dobadoba anati pali bwana wina wa ku Karonga akubwera ndi ndalama mawa. Mtima unagunda. Ndinapereka chikole cha K400,000 pomwepo kuti andisungire masiku atatu.

Nditafika kunyumba ndikuonetsa zithunzi, mayi a kunyumba anandifunsa funso limodzi. Iwowa ndi mwana wa msodzi, anakulira ku Bandawe. Anati, "Bambo anga pogula bwato ankautembenuza, n'kumaugogoda kumimba. Inu mwaitembenuza?" Ndinati galimoto satembenuza. Anati, "Ndiye mukalowe pansi pake." Anandikakamiza kuti nditenge achimwene awo, alamu anga, amene anagwira ntchito ya umakaniko zaka zambiri ku esiteti ya tiyi ya Kawalazi.

Alamu sananyamule zambiri. Thumba la saka logonera, hamala yaing'ono, sikuludiraiva yaitali, tochi, ndi maginito amene anachotsa m'sipika ya wailesi yakufa. Titafika sanayang'ane n'komwe mipando. Anayala saka, n'kugona chagada, n'kundiitana, "Alamu, bwerani mugone apa, ndalama ndi zanu." Ndinagona ndi malaya anga a kutchalitchi.

Anayamba kugogoda chasisi, zitsulo ziwiri zazitali zija zimene zimanyamula galimoto yonse kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo. Kutsogolo chitsulo chinkalira bwino, nge nge nge. Titafika kumbuyo, pamene pamagwira masipuling'i, kulira kunasintha, du du du, ngati ukugogoda dzungu. Anatenga sikuludiraiva n'kukankha ndi dzanja limodzi. Inalowa ngati m'papaya lakupsa. Potulutsa, panagwa matope onyowa ndi zimakoko zofiira, zina zinandigwera m'maso. Kuda kowala kuja kunali penti wokhuthala ngati phula amene anapopera dzana lomwe kuti abise bala. Mbali inayo tinapeza chigamba cha lata yopyapyala, chongogwiriziza ndi moto m'makona.

Atatuluka anayendetsa maginito m'mbali mwa galimoto. Pachitseko ankagwira. Pamwamba pa mateyala akumbuyo ndi m'munsi mwa zitseko ankangogwa, kusonyeza kuti pamenepo chitsulo chinatha, anamata body filler n'kupaka penti. Anakweza kapeti wa kumapazi kwa dalaivala, tinaona dothi la ku Mzuzu kudzera pabowo lolowa chibakera. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Tsiku limenelo nyererezo ndinaziona ndi maso anga.

Dobadoba anati, "Madala, zimenezi n'zazing'ono, wowotcherera apanga tsiku limodzi." Alamu anamufunsa kuti awotcherera pa chiyani, poti moto umafuna chitsulo chamoyo choti ugwirepo. Nkhani ya chikole inavuta. Tinakangana mpaka dzuwa kupendeka, anandibwezera K150,000 yokha, eti ndamuthawitsira kasitomala. Sitinalemberane kalikonse, ndiye ndikanakadandaula kuti? K250,000 inapita, mbuzi zinayi zathunthu. Kunyumba mayi sanakalipe. Anandiikira kondowole ndi usipa, n'kukhala pambali chete. Bola akanandikalipira.

M'minibasi pobwerera alamu anandiphunzitsa zimene ndikufuna nanunso mudziwe. Anati injini ikafa umagula ina, ngakhale yakale, n'kuikamo. Giya bokosi chimodzimodzi. Chitseko, galasi, mpando, zonse zili pamsika. Koma chasisi ndi msana. Munthu wothyoka msana ngakhale umuveke suti sanyamula thumba. Galimoto yoola chasisi ukaisenzetsa matumba khumi a mpunga n'kugunda dzenje, sipuling'i imatha kuzuka pamalo pake, kapena galimoto kupindika pakati. Zikachitika pa chitunda chotsikira ku Nkhata Bay, anthu ali kumbuyo, si nkhani ya ndalamanso, ndi maliro.

Anati dzimbiri lili mitundu itatu. Loyamba ndi lapamwamba, lofiirira ngati fumbi, loti ukapala ndi bulashi ya waya pansi pake pamatuluka chitsulo chosalala. Limenelo lisakuopseni, galimoto iliyonse yakale ili nalo. Lachiwiri ndi lotupa, lomwe limasendeka makokomakoko. Limenelo ladya kale mnofu wa chitsulo, muyese ndi hamala kuti mwatsala wochuluka bwanji. Lachitatu ndi loboola. Bowo likakhala pabodi kapena pansi pa bokosi lonyamulira katundu, wowotcherera akonza. Likakhala pachasisi pafupi ndi pogwira masipuling'i, pogwira injini kapena chiwongolero, tsanzikani muzipita. Ndipo choopsa n'choti chasisi yambiri ndi yamphako ngati nsungwi, imayamba kuola m'kati momwe mwakhala matope. Mukamaona bowo kunja, m'kati ntchito inatha kale.

Ndinafunsa kuti nanga dzimbiri lotere limachokera kuti, poti nyanja yathu ilibe mchere. Anati galimoto zambiri timagula kuno zinayamba zakhala moyo wina kunja. Ku UK ndi kumpoto kwa Japan nyengo yozizira amathira mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mchere umenewo umamatirira pansi pa galimoto chaka ndi chaka. Imatsika sitima ku Dar es Salaam, kulowa pa Songwe ikuwala, koma matenda ili nawo kale. Mnyamata wanga naye anandiuza pafoni kuti ku South Africa anthu amakonda galimoto ya ku Johannesburg kuposa ya ku Durban kapena ku Cape Town, chifukwa mphepo ya kunyanja yamchere imadya chitsulo. Tsono galimoto yotere ibwere kuno ku Nkhata Bay, kwa mvula yambiri ndi chinyontho, komwe ngakhale khasu ukalisiya panja masiku awiri lafiira. Mukuganiza ikhala zaka zingati?

Yachiwiri imene tinakaona inali Land Rover yakale, yochokera ku UK. Ine ndinasangalala chifukwa bodi yonse panalibe dontho la dzimbiri. Alamu anaseka, anandipatsa maginito kuti ndiyese. Sanagwire paliponse. Anati bodi ya Land Rover zimenezi ndi ya aluminiyamu, ngati mapoto aja, siichita dzimbiri lofiira. Koma chasisi ndi chitsulo wamba, pamodzi ndi khoma lija lili pakati pa injini ndi mapazi a dalaivala. Titagona pansi tinapeza chitsulo chopingasa chakumbuyo chili zibowozibowo ngati sefa. Mwini wake anali munthu wachilungamo, anavomera yekha kuti n'chifukwa chake watsitsa mtengo. Tinagwirana chanza, tinabwerera.

Panapita miyezi iwiri. Ndinayamba kutopa, ndalama ya thiransipoti ikungodyeka. Kenako alamu anamva kwa mnzawo kuti mlimi wina wa fodya cha ku Embangweni ku Mzimba akugulitsa Hilux ya single cab, ya dizilo, injini ija amati 3L. Titafika, mtima wanga unagwa. Penti yosuluka, galasi lakutsogolo losweka pakona, mpando wokutidwa ndi chitenje, chitseko chakumanzere chotsegulira kunja kokha. Bokosi lakumbuyo linali lobooka malo atatu. Mwini wake anati ndi feteleza, wakhala akunyamuliramo zaka zonsezi osayala kanthu.

Alamu anayala saka lawo. Anagogoda kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, mbali zonse ziwiri, pafupifupi ola lathunthu. Nge nge nge paliponse. Analowetsa chala m'mabowo a chasisi, munatuluka fumbi louma. Kuderako mvula ndi yochepa poyerekeza ndi kwathu kuno, ndipo galimotoyo sinaonepo msewu wa mchere. Anayang'ana mapaipi a mabuleki ndi a mafuta, anayang'ana pansi pa batire pomwe asidi amakonda kudya. Anapukuta nambala ya chasisi imene inadindidwa pachitsulo pafupi ndi teyala lakutsogolo, n'kuifananiza ndi ya mu blue book, chilembo ndi chilembo. Apa musamachite ulesi. Nambala ikadyeka ndi dzimbiri, kapena pakaoneka kuti pamenepo panadutsa moto, mudzavutika posintha umwini, mwinanso mwagula yakuba.

Kenako anayesa chimene tinadzera. Anaona kaye ngati shafuti yopita ku mateyala akutsogolo ilipo, chifukwa ena ikawavuta amangoichotsa n'kumagulitsabe galimoto ngati 4x4. Anatembenuza mahabu a kutsogolo kuika pa lock, analowetsa kagiya kakang'ono kaja, n'kukaiyendetsa mumchenga wa m'dambo ndi pachitunda. Inakwera ngati mbuzi. Anandinong'oneza kuti, "Alamu, nkhope ndi yoipa koma mafupa ndi abwino. Gulani."

Tinagwirizana K9.8 miliyoni. Ulendo uno sindinapereke ngakhale tambala tisanalemberane pamaso pa mboni. Tinapitira limodzi ndi mwini wake ku Road Traffic ku Mzuzu kukasintha dzina, ndalama yomaliza ndinapereka zonse zitatheka. Yotsala ija inathera ku mateyala awiri atsopano, batire, galasi, mabuleki, kuwotcherera bokosi, inshuwalansi ndi COF. Apa pali phunziro lina. Ukakhala ndi K12 miliyoni usagule galimoto ya K12 miliyoni. Ndikanatenga yasiliva ija ndikanatsala ndi ndalama yosakwana ngakhale mateyala awiri.

Tsopano poti yabwera kwathu konyowa kuno, nkhondo ya dzimbiri ndi yanga. Ndinamanga shedi ya malata, pansi ndinathira miyala, chifukwa galimoto yogona pa udzu wonyowa imaola ndi kumimba. Ndikayenda m'matope sindigona ndisanatsuke pansi pake, makamaka m'makona mwa mateyala ndi m'mabowo a chasisi, kuti madzi azituluka. Anyamata anga amadandaula kuti ndimatsuka kosaoneka n'kusiya kooneka. Mvula isanayambe, galimoto ili youma bwino, timapaka oyilo wakale wa injini pachasisi ndi kuthira m'kati mwake, kusamala kuti asakhudze mabuleki ndi zamphira. Zimenezi timapangira pakhomo, kutali ndi chitsime. Inu amene mumalowetsa galimoto m'nyanja kukatsuka, mukuthira oyilo m'madzi amene tikumwa ndi kudyamo usipa, komanso mukudzaza mchenga wonyowa m'chasisi mwanu momwe.

Feteleza sakwera popanda kuyala lona, ndipo tikatsitsa timasesa ndi kutsuka tsiku lomwelo. Nsomba za anthu ndimanyamula, koma zikhale m'mabeseni, madzi ake asamayenderere m'bokosi. Kapeti wa kumapazi ndinachotsa, ndinaika mphira woti ndimatha kutulutsa n'kuyanika.

Ndisakunamizeni kuti ndalemera. Galimoto ndi mwana wosakula, tsiku lililonse akufuna kanthu. Dizilo akasowa imakhala pashedi sabata yathunthu, ine n'kubwerera pa njinga yanga yakale. Mwezi wathawu inadya ndalama ya bearing ya teyala lakutsogolo imene ndinasungira malata a khitchini. Amene munda wake uli m'mbali mwa tala, ndikumuuza mosabisa kuti 4x4 sakuifuna, angotaya ndalama pa mafuta ndi zitsulo zodula. Koma ife a kumtunda tikudziwa chimene tagula. Mpunga wanga chaka chino ndakagulitsa ndekha ku Mzuzu, pamtengo wotchula ine. Ndipo mvula yapitayi kagalimoto konyozeka kameneka katsitsa odwala asanu usiku kupita kuchipatala, mmodzi mwa iwo ndi mayi a munthu amene anandiseka kwambiri pa chiphapha. Sindinawakumbutse. Anangothira dizilo, tinanyamuka.

Tsono iwe mphwanga wa ku Area 25, ndi nonse amene mwasunga kandalama mukufuna galimoto ya kumudzi, mawu anga ndi awa. Usapite wekha, tenga makaniko wako, osati wa wogulitsa. Pita masana, dzuwa lili pamutu, galimoto ili youma. Ukaona pansi papoperedwa penti wakuda watsopano, funsa kuti akubisa chiyani. Wogulitsa akakana kuti ugogode ndi hamala, wakuyankha kale. Akakuuza kuti pali wina akubwera ndi ndalama mawa, muuze kuti amugulitse. Chikole usapereke usanagone pansi pake, ndipo ukapereka mulemberane. Safunsa anadya phula, ine ndinadya la K250,000, lokwanira tonse pa tsamba lino.

Za penti musade nkhawa. Mayi a kunyumba akuti tikakolola mpunga tidzaipake yobiriwira kuti anthu asiye kutiseka kutchalitchi. Alamu akuti ndalama imeneyo bola tigule masipuling'i akumbuyo. Nkhaniyi ikadali m'khoti, ndipo inu mukudziwa amene amapambana milandu pakhomo pano.

Loweruka ndikutsika ku Chintheche m'mawa ndi makaka, malo a matumba anayi alipo. Amene ali ndi katundu andipeze Lachisanu madzulo, tigawane ya dizilo.